Foni ya Malemu ndi Chipata cha Mkuwa

Lolemba

Foni ya a Domingo ili m'thumba mwanga. Ndikungoigwiragwira ngati ndaba.

Alamu, akazi a malemu, andibwereka m'mawa uno ndisanapite ku ntchito yanga yoyeza katundu pa malire. Sanandifunse zambiri. Angoti ndibweze Lamulungu, chifukwa tsiku limenelo kukubwera amalume a malemu kuchokera kwa Nthache kudzagawa katundu, ndipo foniyo inanenedwa kale pamaliro kuti ndi ya amalumewo. Akuti akufuna azijambulira mbuzi zawo. Choncho ndili ndi sabata ino yokha.

Ndilembe bwinobwino, mwina tsiku lina ndidzawerenga ndili ndi nzeru.

A Domingo ankakonzera madalaivala a mathiraki mapepala a katundu pano pa malire. Mwezi wathawu anangogwa ali pamzere ndi mapepala m'manja, pofika nawo kuchipatala anali atatisiya. Foniyi anaigula ku Tete, inabwera ndi gemu m'kati, ya Chipwitikizi chokhachokha. Ife timaitcha Dziko la Kuseri. Tinalipo anayi: iwo, ine, a Nyirenda a zaumoyo ochokera ku Rumphi, ndi a Chikopa atelala. Tinkakumana nthawi ya nkhomaliro kuseri kwa shedi yakale, pansi pa mtengo wa kesha. Anthu ankayesa ndi mapemphero a masana, ifenso sitinawatsutse. Amuna a ndevu zawo kumasewera gemu, ungauze ndani?

Owerenga anali a Domingo, poti mayi awo anali a ku Zobuwe, kutsidya kwa malire. Mawu akatuluka pagalasi ankakweza dzanja, tonse zii, iwo n'kuyamba kutimasulira.

Zimene timadziwa za Dziko la Kuseri:

Munthu wathu ndi Kamwana, chimphona cha mkondo umodzi. Mayi ake anamutcha choncho kuti imfa ikamamusaka izifunsa za mwana, anthu aziilozera kwina.

Mtsinje wa Apongozi. Ukauyandikira, Kamwana amapatuka yekha mwaulemu.

Mbuzi ya M'khoma, theka kunja, theka m'kati. Kale inali woweruza amene anakana kunena wolakwa.

Mfumu Yosaphethira. Imaima pamsika maso ali tong'o. Mwana wake wamkazi analowa pa Chipata cha Mkuwa osabwerera, ndiye imaopa kuti ikaphethira mwanayo adutsa osamuona. Tikafika pamenepo timavula zipewa n'kuwerama.

Chipata cha Mkuwacho. Sitinachitsegulepo. Kuseri kwake kuli chiyani a Domingo ankati tikaona tokha.

Ntchito ya sabata ino ndi imeneyo: Chipata chitseguke lisanafike Lamulungu, tidziwe za mwana wa Mfumu, malemu apume bwino. Pakufunika mchere wa ku Nyanja Youma, kutsanzikana ndi Mfumu, ndi zala zitatu za anthu amene adyera m'mbale imodzi tsiku limenelo osakangana. Poyamba lamulo linali limodzi, koma tikalikwaniritsa a Domingo ankawerenganso mosamala n'kupeza lina m'munsi mwake. Mayiko akale ndi ovuta choncho.

A Nyirenda avomera. A Chikopa avomera, mpaka agwetsa misozi pa thalauza la mwini wake limene amapinda. Zala zitatu zilipo!

Banja langa linatsala ku Ntchisi chifukwa cha sukulu ya ana. Kuno ku Mwanza ndili ndi bedi, mbaula, ndi ola la nkhomaliro lija. Lija ndiye linali kwathu.

Lachiwiri

M'mawa. Foni ikukana kutchaja. Pakamwa pake panakula, chaja ikungogwedera. A Domingo ankaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga mwa njira yawoyawo, ndipo sindinayang'anepo mmene ankamangira. Ndayesa kumanzere, ndayesa kumanja, ndayesa kuinyengerera. Yalola nditaitsamiritsa pa chitini cha polishi, ine nditagwada pambali ngati ndikupepesa.

Masana. Takumana pansi pa kesha. Mayi wa pachiwaya watibweretsera chipisi ndi timitengo todyera tinayi. Dzanja lake linazolowera. Wazindikira ataika kale mbale pansi, wangoti pepani n'kuchoka mofulumira. Kamtengo kachinayiko a Chikopa akaika m'thumba la malaya, pamodzi ndi choko chawo.

Tatsegula gemu. Nyimbo yake yoyambira ija!

Kamwana ali pomwe anamusiya mwini wake, pafupi ndi Mbuzi ya M'khoma, akupuma mapewa ali m'mwamba ndi pansi. Mwezi wonse wakhala akudikira pamenepo, palibe anamuuza za maliro.

Mawu atuluka pagalasi. Tonse atatu tatembenukira pamwala pamene ankakhala a Domingo. Pali masamba okhaokha.

A Nyirenda, poti ndiwo ophunzira kwambiri pakati pathu, akonza kukhosi, ayang'anitsitsa mizere isanu ya Chipwitikizi, n'kulengeza kuti: "Akuti moni." Patsogolo pang'ono mawu enanso atuluka, ataliatali. "Akuti moni kachiwiri." A Domingo mizere ngati imeneyo ankapezamo njala, nkhondo, ndi ukwati wa anthu osagwirizana. Ife tapezamo moni.

Woyendetsa lero ndi a Chikopa. Zala zolowetsa ulusi m'singano osayang'ana, koma pa gemu ndi tsoka. Agwetsera Kamwana m'chitsime. Atatuluka amuombetsa khola, nkhuku zamuthamangitsa mudzi wonse. Kenako munthu wina wachipewa watifunsa funso, m'munsi muli mabatani awiri. Tavota. Tadina lobiriwira, poti zobiriwira kawirikawiri ndi zabwino.

Tagulitsa mkondo. Kamwana, chimphona cha mkondo umodzi, tsopano wanyamula ndowa.

Tili m'kati molozana zala, basi ya ku Joni yaliza hutala kuchotchinga cha pa malire. Tonse tangosiya. A Domingo basi imeneyi ikafika ankaimitsa gemu, ngakhale pakati pa nkhondo, n'kupita kukaima m'mbali mwa msewu, ati kukaona ngati muli makasitomala. Ife tinkawadikira tikudandaula. Lero tadikiranso mpaka basi yapita, popanda womudikira.

Mchere sitinaupeze. Kwa Mfumu tadutsako, tavula zipewa, tawerama. Manyazi ndi ndowa ija.

Lachitatu

Zavuta.

Dzulo pamene timawerama kunali mayi wina wogulitsa manachesi amene anabwera kuseri kwa shedi pa zifukwa zake. Waona amuna atatu, zipewa m'manja, akuweramira foni ya munthu wakufa. Pofika m'mawa uno nkhani yazungulira msika wonse, yakwera minibasi, yafika pa Boma.

Zimene ndamva mpaka pano:

Timalankhula ndi malemu pa foni nthawi ya nkhomaliro.

Malemu amayankha.

Malemu anatisiyira chizimba, n'chifukwa chake a Chikopa ali ndi makasitomala ambiri. A Chikopa alibe makasitomala ambiri.

Timawaikira chipisi, ndipo chimatha.

Ku ntchito anzanga akundipatsa moni ali patali. Mayi wina wochita malonda a nyemba wandikokera pambali, wandinong'oneza kuti ndikamalankhula nawonso ndiwafunseko kumene anasiya mapepala a matumba ake. Ndamuuza kuti si zimenezo ayi. Wati akumvetsa, sizinenedwa poyera.

Masana a Chikopa abwera atavala jekete, osakhala pansi. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo aitanidwa kuti akafotokoze.

"Achimwene, mundimvetse. Ndikawauze chiyani abusa? Kuti timaitana mizimu, kapena kuti timasewera gemu? Za mizimu bola, akhoza kungondipempherera. Koma gemu, ine, msinkhu uno?"

Ndawakumbutsa za zala zitatu. Ayang'ana chala chawo nthawi yaitali, achiika m'thumba. Ayenda mpaka pakona ya shedi, abwerera, afunsa ngati mkondo tauombola. Ndati ayi. Ati tikafika kwa Mfumu tikawaweramireko, koma tizichita moyang'ana uku ndi uku. Apita.

Sindikuwada. Ndikungoona kuti pansi pa kesha pakukula.

Tasewera awiri ndi a Nyirenda, msana titalozetsa kumsika. Ndipo taonani, ku Nyanja Youma tafika, ndipo mcherewo sutengedwa ndi manja, umafuna chotungira. Ndowa ija! A Nyirenda alumpha, andigwira chanza ngati tapambana chisankho. A Domingo akanakhalapo akanati zinalembedwa kalekale kuti chimphona chidzataya mkondo kuti chipeze mchere, n'kutiuza ndi dzina la amene analemba. A Nyirenda awerenga mawu otuluka pamenepo, ati akuti zikomo.

Mchere ulipo. Zala ziwiri. Wowerenga palibe. Batire ikutha msanga kuposa dzulo.

Lachinayi

Sindikufuna kulemba za lero. Ndilembabe.

A Nyirenda abwera ndi munthu. Dzina lake a Zeka, dalaivala wa ku Tete amene thiraki yake yagwidwa ndi mapepala, alibe chochita, amalankhula Chichewa chosakaniza. A Nyirenda akuti apa tapeza zonse pakamodzi, chala chachitatu ndi wowerenga. Komanso ndi mlendo, mawa apita, satiulula. Ndaona kuti ndi nzeru. Ndawayamika!

Tawafotokozera kuti ayenera kudya nafe m'mbale imodzi. Lamulo limeneli alimvetsa msanga kuposa ena onse.

Tayamba ulendo wa ku Chipata. Pa Mbuzi ya M'khoma ndawafunsa kuti pamenepa palembedwa chiyani za mlandu uja. Ati palibe cholembedwa, gemu inangolakwika, mbuzi inakanirira. Pa Mtsinje wa Apongozi ati mawuwo akunena kuti dziko lathera pompa, bwererani. Ndaseka pang'ono, ndati mwina Chipwitikizi cha ku Tete n'chosiyana ndi cha ku Zobuwe.

Tafika pamsika. Ine ndi a Nyirenda tavula zipewa. A Zeka atiyang'ana, ayang'ana foni, asiya kutafuna.

"Amigu, mukumuweramira uyu? Uyu ngwa nsapato. Akuti nsapato zolimba, bwerani mugule."

Ndati awerengenso. Awerenganso. Ndati pali mwana wamkazi penapake, ayang'ane m'munsi. Ayendetsa chala mzere ndi mzere ngati mwana wa sukulu, ati nada, palibe mwana, pali nsapato zachikopa, nsapato zachitsulo, ndi zina za m'madzi.

Pamenepo mpamene ndaona kuti kumbuyo kwa Mfumu kuli shelefu. Nthawi yonseyi ndinkaiona shelefu imeneyo. A Domingo ankati ndi nsapato za anthu amene Mfumu inawatuma kukasaka mwana wake, anabwerera opanda kanthu n'kuzisiya pamenepo chifukwa cha manyazi.

Pa Chipata mawu ndi mzere umodzi. Dinani apa kuti mutsegule. Za mchere palibe. Za zala zitatu palibe. Za mbale imodzi palibe. Chipata chimenechi tikanachitsegula chaka chatha ndi chala chimodzi chosasamba.

A Nyirenda aseka mpaka kugona cham'mbali, misozi ili mbwe, akungoti Domingo iwe, Domingo iwe. Atadzuka atambasula chala kuti adine. Ndawalanda foni. Sindinaganize, dzanja langochita lokha. Ati ndibweze, si yanga. Ndati si yawonso. Ati ndikuchita ngati mwana. Ndati mwana ndi amene amabweretsa mlendo kuti adzanyoze maliro. Zina zimene tanenana sizoyenera kulembedwa, zakhudza mpaka maboma a kwathu.

Lamulo la kusakangana latha pamenepo, ngati linali lamulo.

A Zeka amaliza chipisi, atithokoza, ati gemu ndi yabwino koma yakale.

Lachisanu

Ndakwiya. Ndadzuka nditakwiya, ndasamba nditakwiya, ndayeza matumba a anthu nditakwiya.

Zimene a Domingo anandichititsa:

Kuweramira wogulitsa nsapato, ine, bambo wa ana anayi.

Kukhululukira a Chikopa atandidulira thalauza mwendo umodzi kufupika, chifukwa sabata imeneyo tinali pafupi ndi Chipata ndipo kukangana kunali koletsedwa. Thalauzalo ndimavalabe.

Kulira. Tsiku limene anatimasulira za mwana wa Mfumu ndinanamizira tsabola.

Kukafotokozera ana anga ku Ntchisi nkhani zonsezi ngati zoona. Wamng'ono anajambula Mbuzi ya M'khoma, ili pakhoma kunyumba mpaka lero. Ndikamuuza chiyani?

Ndipo mmene ankachitira! Kutsinzina diso limodzi, kugwedeza milomo, kutiuza kuti tidikire, mawu awa ndi akale, ngovuta kuwatembenuza. Kunena zoona ankagula nthawi kuti apeke bodza. Nthawi zina ankafika podzikonza okha, ati pepani ndinalakwitsa, si mlongo wake, ndi msuweni. Msuweni wa ndani? Pa nsapato?

A Nyirenda akwera minibasi ya ku Blantyre, ati kuli wekishopu. Anditumizira uthenga ali m'njira: "Bwana, tinapusitsidwa, tingovomereza. Dinani mutiuze zili kuseriko."

Masana ndakhala ndekha pansi pa kesha. Mayi wa pachiwaya wabweretsa kamtengo kamodzi, wasamala kwambiri. Chipisi cha munthu mmodzi chimazizira msanga.

Ndayendetsa Kamwana kubwerera kumsika kuti ndikamuyang'ane wansapatoyo m'maso, ndimuuze kuti ndamudziwa. Ndafika. Waima pomwe paja, maso ali kumsewu wopita ku Chipata. Anthu a mu gemu akudutsa, iye osaphethira. Ndamudikira kuti aphethire kamodzi kokha, nkhani ithe.

Ndazindikira chipewa chili kale pabondo. Sindikudziwa ndachivula nthawi yanji.

Chimene chikundipweteka si bodza. Bodzalo ndikanakonda likanapitirira mpaka nditapuma pa ntchito. Chikundipweteka n'chakuti ndikufuna ndiwakalipire, iwo aseke ndi mano awo otalikirana aja, n'kundiuza kuti dalaivala uja sadziwa Chipwitikizi chakale. Ndipo ndikanakhulupirira.

Ndawasowa a Domingo. Dziko lonse lija silinali m'foni, linali mwa iwo, ndipo tinalikwirira kwa Nthache mwezi watha. Chimene ndanyamula m'thumbamu ndi msika wa nsapato.

Mawa ndikabweza. Palibe chifukwa chodikira Lamulungu.

Loweruka

Ndapita kwa alamu chakum'mawa. Ndawapeza pakhonde akupinda zovala za malemu kukonzekera mawa, malaya paokha, mathalauza paokha. Andipatsa mpando. Ndinakonza zongopereka foni n'kuthokoza, koma andifunsa ngati chimene ndinkafuna chatheka, ndiye ndangokhuthula zonse, ndowa, a Zeka, nsapato.

Aseka. Ayamba pang'onopang'ono, atseka pakamwa ndi chitenje, kenako zawakanika, mpaka mayi woyandikana nawo wasuzumira pampanda. Ati chichitikireni maliro aka n'koyamba.

Akuti ankadziwa. M'mawa uliwonse a Domingo akamapukuta nsapato ankayeserera nkhani ya tsikulo, n'kumawafunsa ngati ikumveka. Zina alamu ankazikana, ati izi anzanuwo sangakhulupirire, a Domingo n'kumati simukuwadziwa, makamaka a ku Ntchisi aja. A ku Ntchisi ndine.

Mtsinje wa Apongozi ndi mayi awo a alamu, amene a Domingo ankawathawa mpaka kulowa m'chimanga. Mbuzi ya M'khoma ndi ankhoswe awo, amene pa milandu yonse ya m'banjamo sananenepo kuti wolakwa ndi uyu. Ankhoswewo abwera mawa, ndiwaone bwino, ati ngakhale ndevu ndi zomwezo.

Ndaseka nawo. Kenako ndafunsa za Mfumu.

Atenga malaya ena, awapinda, awafunyulula, awapindanso.

Ali ndi mwana wamkazi, Lusiya, woyamba kubadwa. Ine ndinkangodziwa za anyamata awiri. Lusiya anakwera basi ya ku Joni ine ndisanabwere ku Mwanza, ati kuli ntchito ya m'nyumba. Chikwama anamunyamulira ndi bambo ake, mpaka kuchotchinga. Miyezi yoyamba ankaimba. Kenako nambala yake inasiya kulowa. A Domingo anafunsa madalaivala, anafunsa obwerako, anatumiza chithunzi kwa anthu a mpingo a kumeneko. Ena amati anamuona, ena amati si iyeyo. Za maliro a bambo ake sakudziwa, ngati alipo woti adziwe.

Basi ija. Makasitomala aja. Ife tinkatsala pansi pa kesha tikudandaula kuti akutichedwetsa, chipisi chikuzizira.

Ndinadya ndi munthu ameneyu m'mbale imodzi masana alionse, ndipo anandiuza zonse, ine n'kumayesa akuwerenga.

Ndafunsa, mopusa, ngati anawauzako alamu zimene zili kuseri kwa Chipata.

"Akanakuuzani kuti kuli chiyani, alamu? Akanena kuti mwanayo ali moyo, ndiye bwanji sabwera? Akanena zinazo, pakamwa pawo sipakanatha. Mukayandikira Chipatacho ankabwera kuno osadya, kufunafuna lamulo lina."

Ndapereka foni. Aitembenuza, atenga phini pachitenje, atulutsa kakhadi ka nambala, akalowetsa m'kafoni kawo ka mabatani. Ati amalume atenge foni, koma nambala imene Lusiya amaidziwa ndi imeneyi, siichoka pakhomo pano. Kenako andibwezera foniyo m'manja. Ati tsiku lake ndi mawa, ndikhale nayo.

Madzulo. Ndamubweretsa Kamwana pa Chipata, ndowa ya mchere m'manja. Kwa Mfumu ndatsanzika, ndaweramira ndi a Chikopa omwe. Mzere uja uli pagalasi, tsopano ndikuudziwa tanthauzo lake. Chala chimodzi chikwanira.

Ndaitsamiritsa pa chitini cha polishi, ndapita kukapemerera mbaula.

Lamulungu

Katundu wagawidwa titaweruka ku tchalitchi. Anthu pamphasa, ife amuna pamipando, pansi pa mtengo wa manachesi. A Chikopa ndiwo atsegula ndi pemphero, osandiyang'ana. Kamtengo kaja kakuonekera m'thumba la malaya awo. Ankhoswe ndawaona. Ndevu ndi zomwezo, ndipo pa nkhani ya njinga, ya mwana uyu kapena uyo, ati mbali zonse zili ndi mfundo. Ndaluma mlomo mpaka kuwawa kuti ndisaseke.

Nsapato za malemu azindandalika pakhonde kuti abale aziyesa. Sindinathe kuziyang'ana.

Foni ndapereka ndi manja awiri. Amalume ndi munthu wamkulu, wa zala za khasu, wosangalala. Andiitana ndikhale pambali pawo ndiwaonetse pojambulira. Poyatsa, gemu ija yatulukira pomwe ndinaisiya, Kamwana ndi ndowa yake kutsogolo kwa Chipata. Afunsa kuti kameneka n'kachiyani. Ndisanatsegule pakamwa, chala chawo chachikulu chatera pakati penipeni.

Ndamva chitsulo chikukwekwereza. Yayamba nyimbo imene sindinaimvepo, ya zitoliro, yofatsa.

Ndayang'ana pansi. Nyerere zikukoka khoko la nachesi. Ndaziyang'anitsitsa ngati ndalembedwa ntchito yoziyang'anira.

"Aa, inu," akutero amalume, "kodi m'katimu muli..."

Ndati chonde, amalume, musandiuze.

Andiyang'ana ngati mphekesera za kumsika zija n'zoona. Ati chabwino, nanga zimenezi zimachotsedwa bwanji, zingamathe batire. Ndawauza podina, maso ndili kumbali. Foni yafunsa funso la Chipwitikizi, mabatani awiri. Adina lobiriwira. Kenako ajambula phazi lawo mwangozi, akondwa kwambiri.

Ndiye Chipata chatseguka lisanathe Lamulungu, monga ndinalembera Lolemba. Amene waona kuseri kwake ndi munthu mmodzi, wakwera njinga kubwerera kwa Nthache, ndipo pofika Lachitatu adzakhala ataiwala. A Nyirenda atumizanso uthenga kufunsa ngati ndadina. Ndayankha kuti akuti moni.

Mwana wanga ndidzamuuza kuti Mbuzi ikadali m'khoma. Pamenepo sindidzanama.

Pobwerera ndadzera kumalire, ngakhale si njira yanga. Basi ya ku Joni yaima kuchotchinga, anthu akutsika ndi mabulangete ndi zikwama zamizeremizere, otopa, miyendo yotupa. Ndaima m'mbali mwa msewu, pamalo paja. Ndayang'ana mtsikana aliyense wotsika, ndi amene atsalira m'mawindo, mpaka basi yanyamuka ndipo maso akundiwawa ndi fumbi.

Nkhope ya Lusiya sindikuidziwa n'komwe. Mawa ndikapempha chithunzi kwa alamu.